Apatseni ana funso limodzi loti akagone nalo

Aphunzitsi anzanga a masamu, komanso inu makolo amene muli ndi ana kusekondale, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi yaitali. Ndiyambira pa bawo.

Bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Tsekani dzenje la pangodya ya kumanzere kwanu, mutsekenso la pangodya ya kumanzere kwa mnzanu amene wakhala tsidya linalo. Atsala maenje 30. Ndiye ndikupatseni mabokosi a machesi 15, bokosi lililonse lokwana kuvindikira maenje awiri oyandikana, mopingasa kapena moongoka, koma osati mopendekeka. Kodi mungavindikire maenje onse 30?

Funso limeneli ndinalilemba pabolodi Lachisanu lina, kutatsala mphindi khumi kuti ana a Fomu 3 aweruke. Onse anati n'zophweka, pakuti 15 kuchulukitsa ndi 2 ndi 30. Anajambula, anafufuta, anajambulanso. Belu lisanalire wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi, sizikutheka!" Ndinamufunsa kuti sizikutheka chifukwa walephera iyeyo, kapena chifukwa palibe munthu aliyense padziko lino amene angathe. Kalasi yonse inangoti zii. Ndinawauza kuti apite nalo kunyumba.

Lolemba m'mawa kunabwera mtsikana wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni, wosayankhulayankhula, amene pamayeso amangokhoza mwapakatikati. Anali atajambula bawo pachikuto cha kope, n'kudetsa maenje ndi pensulo modumphitsa, lina lakuda lina loyera, ngati bolodi la dirafuti. Anati, "Onani, akuda alipo 16, oyera 16. Awiri amene mwatseka aja ndi a mtundu umodzi, ndiye atsala 14 ndi 16. Koma bokosi lililonse, muliike mulimonse, livindikira lakuda limodzi ndi loyera limodzi. Mabokosi 15 akufuna akuda 15 ndi oyera 15. Palibe." Anatha pomwepo. Sanagwiritse fomula iliyonse, sanakhudze kakyuleta, koma zimene ananenazo palibe angazitsutse lero, mawa, ngakhale zaka 1,000 zikubwerazi. Ndinaona nkhope yake pamene anzake ankamuombera m'manja, ndipo mpaka lero sindinaiwale.

Maganizo anga ndi akuti ana athu tikuwamana chinthu chimenechi. Tikuwaphunzitsa kuloweza njira. Tawazoloweza kuti funso la masamu ndi chinthu chimene umachiona, n'kukumbukira chitsanzo chofanana nacho chimene aphunzitsi analemba dzana, n'kusintha manambala, basi. Funso likapitirira mphindi zisanu asanaone polowera, mwana amaika cholembera pansi n'kunena kuti "izi sitinaphunzire". Sindikuwada anawo. Ife ndi amene tawaphunzitsa kuti kusadziwa poyambira ndi manyazi, pamene kwa anthu amene masamu ndi ntchito yawo, kusadziwa poyambira ndiye moyo wa tsiku ndi tsiku.

Taonani mmene mpikisano waukulu wa masamu wa ana a sekondale padziko lonse umayendera. Umatchedwa International Mathematical Olympiad, mwachidule IMO. Unayamba mu 1959 ku Romania ndi mayiko asanu ndi awiri okha, ndipo masiku ano kumapita mayiko opitirira 100, dziko lililonse ndi ana osaposa asanu ndi mmodzi. Amalemba masiku awiri. Tsiku lililonse amapatsidwa mafunso atatu okha, ndi maola anayi ndi theka. Tangoganizani, ola limodzi ndi theka pa funso limodzi, ndipo ambiri amatuluka asanamalize. Funso lililonse lili ndi malikisi 7, onse pamodzi 42. Kakyuleta saloledwa. Mwana amalowa ndi cholembera, lula ndi kampasi. Mafunso amachokera mu geometry, algebra, combinatorics, imene ndi luso lowerengera njira zosanjira ndi kusankha zinthu ngati za bawo zija, ndiponso za makhalidwe a manambala athunthu. Calculus, masamu apamwamba owerengera mmene zinthu zimasinthira, safuna kumeneko. Imeneyo mukaipeza pa mpikisano wa Putnam wa ophunzira a m'mayunivesite a ku United States ndi Canada, umene unayamba mu 1938, wa mafunso 12 m'maola asanu ndi limodzi, ndipo zaka zambiri theka la olemba amapeza malikisi osafika ngakhale 5 pa 120.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa IMO ndi chakuti kungolemba yankho sikukupatsa malikisi. Uyenera kusonyeza chifukwa chake yankholo lili loona, sitepe ndi sitepe, osasiya mpata woti wina akufunse kuti "nanga apa wadziwa bwanji?" Ndi zomwe anachita mtsikana wa bawo uja.

Pali funso lina lotchuka la mpikisano wa 1988, umene unachitikira ku Canberra, Australia. Linali lachisanu ndi chimodzi, lomaliza. Likuti: tengani manambala athunthu awiri oposa ziro, a ndi b. Tiyerekeze kuti a² + b² ikugawika ndi ab + 1 popanda chotsala. Sonyezani kuti yankho la kugawako nthawi zonse ndi nambala imene imapezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, monga 4, 9, 16, 25. Yesani nokha. Tengani 8 ndi 2: pamwamba mupeza 68, pansi 17, yankho 4. Tengani 27 ndi 3: pamwamba 738, pansi 82, yankho 9. Mwana wa Fomu 1 akhoza kumvetsa zomwe funsoli likufunsa. Koma mwa ana oposa 250 amene analemba chaka chimenecho, 11 okha ndi amene anapeza malikisi onse. Njira yake imagwiritsa ntchito chinthu chimene timaphunzitsa m'makalasi athu omwewa, chakuti quadratic equation imakhala ndi mayankho awiri ndipo ukadziwa limodzi ukhoza kupeza linzake. Umachoka pa manambala aakulu kupita pa aang'ono, n'kutsikabe, mpaka utafika pamene choonadi chimaonekera chokha. Zipangizo tili nazo kale m'silabasi. Chimene sitichita ndi kupatsa mwana funso loti asankhe yekha chipangizo.

Pa mpikisano womwewo panali mnyamata wa zaka 13 wa ku Australia, Terence Tao. Anapata mendulo ya golide, koma pa funso limeneli anapeza 1 pa 7. Mu 2006 analandira Fields Medal, mphotho imene anthu a masamu amailemekeza koposa. Nkhani imeneyi ndimaikonda kuwauza ana anga chifukwa amaganiza kuti odziwa masamu salephera. Ndimawauzanso za Maryam Mirzakhani wa ku Iran, amene anapata golide mu 1994, n'kubwereranso mu 1995 kukapeza malikisi onse 42. Mu 2014 anakhala mzimayi woyamba kulandira Fields Medal. Anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 40 zokha. Ndikamatchula dzina lake ndimayang'ana atsikana a m'kalasi mwanga, chifukwa ndikudziwa zimene ena a iwo anauzidwa kunyumba, zoti masamu ndi a anyamata.

Wina anena kuti izi ndi za kunja, za mayiko olemera. Ayi ndithu. Mu 2014 IMO inachitikira ku Cape Town, koyamba pa nthaka ya Africa. Pan African Mathematics Olympiad inayamba mu 1987 ku Morocco, ndipo mu 2023 inachitikira ku Kigali. Kwathu kuno kampani ya Old Mutual yakhala ikuthandiza mpikisano wa masamu wa sukulu za sekondale mogwirizana ndi Mzuzu University, ndipo ndimayamika zimenezo. Komanso mwa maphunziro onse, masamu a mtundu uwu ndiwo otchipa. Chemistry imafuna labu, kompyuta imafuna magetsi, koma izi zimangofuna choko, pepala, ndi mphunzitsi wololera kudikira osafulumira kuulula yankho. Kudikirako ndiye kovuta. Mwana akamavutika, mtima wa mphunzitsi umafuna kumuthandiza msanga, koma ukamuuza yankho wamulanda chinthu chimene sungamubwezerenso.

Ndipereke chitsanzo china, cha geometry, chifukwa chinandiphunzitsa ine ndemwe. Mnyamata akuumba njerwa. Nyumba yake ili mamita 30 kuchoka pa mtsinje woongoka. Malo oumbira njerwa ali mbali yomweyo ya mtsinje, mamita 50 kuchoka pamadzi, ndipo ukayeza motsata mtsinje, malo awiriwa atalikirana mamita 60. Achoke panyumba ndi ndowa, akatunge madzi, apite nawo koumbira. Akatungire pati kuti ayende mtunda waufupi koposa? Ambiri amati atsikire pamadzi apafupi ndi nyumba. Akatero ayenda mamita 30, kenako ena 78, onse pamodzi 108. Amene anaphunzira calculus mu Additional Mathematics amalemba fomula yaitali n'kuyamba kuchita differentiate, ndipo akalimbikira amafika. Koma pali njira ina. Yerekezani kuti mtsinjewo ndi galasi loonera, ndipo nyumba ija ili ndi chithunzi chake tsidya lina, mamita 30 kuchoka pamadzi. Kuchoka panyumba yeniyeni kukafika pamalo alionse a m'mbali mwa mtsinje ndi mtunda wofanana ndi kuchoka pachithunzicho. Tsono njira yaifupi kuchoka pachithunzi kukafika koumbira njerwa ndi mzere woongoka: mamita 80 (30 kuphatikiza 50) mbali ina, 60 mbali inayo, ndipo lamulo la Pythagoras likutipatsa 100 ndendende. Pamene mzerewo wadula mtsinje, mamita 22.5 kuchoka moyang'anana ndi nyumba, ndi pomwe atungire. Nzeru imeneyi anailemba Heron wa ku Alexandria, ku Egypt, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, pofotokoza mmene kuwala kumabwerera kukagunda galasi.

Nditamaliza kufotokoza, mnyamata wina anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, inu munayamba mwasenzapo ndowa yodzaza? Popita ndowa ilibe kanthu, munthu amathamanga. Pobwera imalemera. Kuli bwino atalikitse njira yopita kuti afupikitse yobwera." Anali kunena zoona. Liwiro likasiyana, funso limasintha, galasi lija silithandizanso, ndipo apa ndi pamene calculus imagwira ntchito yake yeniyeni. Yankho lake limafanana ndi lamulo la Snell limene amaphunzira mu physics, lofotokoza chifukwa chake kuwala kumapindika kukalowa m'madzi. Mwana amene amatunga madzi m'mawa uliwonse anafika yekha pakhomo la lamulo limenelo chifukwa anapatsidwa mpata woganiza, ndipo sanaope kutsutsa mphunzitsi.

Ndikudziwa zomwe anzanga munena, chifukwa nanenso ndimakhala momwemo. Kalasi ya ana oposa 70, silabasi yaitali, MSCE ikubwera, ndipo makolo akufuna mapointi oti mwana akalowe ku yunivesite, osati nkhani za mabokosi a machesi. Zoona zimenezo, ndipo sindikunena kuti tisiye mapepala a mayeso akale a MANEB. Mwana ayenera kukhoza mayeso. Koma zomwe ndaona ndi maso anga n'zakuti mwana amene anakhalapo masiku atatu ndi funso limodzi sanjenjemera akakumana ndi funso la mayeso limene alisintha pang'ono maonekedwe. Amajambula, amayesa manambala aang'ono, amafunsa kuti chimene chikufunika kwenikweni n'chiyani. Woloweza uja ndi amene amasokonezeka akangotembenuza triangle chadodolido.

Ndivomerenso kuti mipikisano ili ndi vuto lake. Imakomera oganiza mwachangu, pamene alipo ana ena oganiza mozama koma pang'onopang'ono, ndipo tikangotengeka ndi zikho tidzasankha ana asanu anzeru n'kuiwala ena onse. N'chifukwa chake sindikupempha timu ya sukulu poyamba. Ndikupempha funso limodzi pa sabata, la kalasi yonse, lolembedwa pakona ya bolodi Lachisanu, lopanda malikisi, lopanda chibalo kwa wolephera. Lolemba, mphindi khumi zokha, amene ali ndi ganizo abwere kutsogolo, ngakhale ganizolo litakhala lolakwika, anzake amufunse mafunso. Mtsikana wa bawo uja sakanasankhidwa mu timu iliyonse. Funso likanapita kwa "anzeru" okha, sitikanamudziwa.

Ena akuti nanga tivutikirenji poti makompyuta ayamba kuyankha okha. N'zoona kuti mu July 2025 mapulogalamu a Google DeepMind ndi OpenAI anayankha mafunso asanu mwa asanu ndi limodzi a IMO ya chaka chimenecho, malikisi 35, ofika pa golide. Kwa ine zimenezi zikungowonjezera changu. Ana athu azidzalandira mayankho okonzakonza kuchokera pafoni, ena oona, ena abodza koma olembedwa mokoma. Adzafunika kudziwa kufunsa kuti "apa wadziwa bwanji?" ndi kutsatira mfundo mpaka kumapeto. Luso limenelo salipeza poloweza.

Makolo, mwana wanu akabwera ndi funso limodzi n'kukhala nalo madzulo onse osalemba chilichonse chooneka, musamukalipire kuti akutaya nthawi. Mufunseni akufotokozereni zomwe wayesa kale.

Ndikusiyirani la sabata ino, loti muyese pabanja panu. Pa chinkhoswe pafika anthu 50. Ena apatsana moni wa m'manja, ena ayi, ndipo palibe awiri amene apatsana moni kawiri. Sonyezani kuti, zivute zitani, pali anthu awiri pagulupo amene agwirana chanza ndi anthu ochuluka mofanana. Musandiuze kuti mwayesa ndipo zikuoneka choncho. Ndiuzeni chifukwa chake sizingakhale mwina. Yankho ndidzalemba Loweruka likudzali.