Tiyambe ndi mtovu, mapulasitiki abwere pambuyo

Masiku ano machenjezo a mapulasitiki ali mbwee pa WhatsApp ndi pa Facebook. Musamwe madzi a m'botolo limene lakhala padzuwa, tayani makontena onse, gulani zagalasi. Ena mwa machenjezowa ndi oona, ndipo ndifikako. Koma chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti mantha athu tawasanja mozondoka. Kholo litha kutaya makapu onse apulasitiki m'nyumba, mwana wake n'kumakwawabe pa fumbi la penti yamtovu tsiku ndi tsiku. Pa ziwirizi, chimene madokotala sakayikira n'komwe kuti chimawononga ubongo wa mwana, osabwereranso mwakale, ndi mtovu.

Mu 2020, UNICEF ndi bungwe la Pure Earth anatulutsa lipoti loti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana mpaka 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika mamaikulogalamu 5 kapena kuposa pa desilita imodzi (gawo limodzi mwa magawo 10 a lita) ya magazi. Maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a galamu, kanthu koti diso silingaone. Bungwe la WHO limanena mosabisa kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wabwinobwino. Ku America, bungwe la boma loona za matenda la CDC linatsitsa mlingo woyambira kufufuza kuchoka pa 5 kufika pa 3.5 mu 2021.

Ana ndiwo amavulala kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mtovu ukalowa m'thupi umadzionetsa ngati calcium kapena ayironi, ndipo thupi la mwana, limene likufunitsitsa zinthu ziwirizi kuti likule, limaulandira ndi manja awiri. Munthu wamkulu akameza mtovu, umene umalowa m'magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Mwa mwana umalowa wochuluka mpaka kanayi kapena kasanu kuposa pamenepo, makamaka ngati m'mimba muli njala kapena ngati ayironi ndi wochepa m'thupi. Ndiye taonani mmene mwana wa miyezi 10 amakhalira: manja pansi, kenako manja omwewo m'kamwa, chidole chagwa pansi, watola, m'kamwa. Nthawi yomweyo ubongo wake uli pa liwiro lomanga njira zimene adzagwiritse ntchito moyo wake wonse.

M'magazi mtovu umatsika ndi theka pakatha pafupifupi mwezi, koma sikuti watuluka. Wambiri umakabisala m'mafupa ndi m'mano, ndipo umakhala mmenemo zaka makumi. Mtsikana amene anameza mtovu ali wakhanda, akadzakhala woyembekezera, thupi lake limatenga calcium m'mafupa kuti limange mwana, ndipo mtovu uja umatulukira limodzi n'kukafika kwa wosabadwayo.

Chimene chimaupatsa mpata n'chakuti poyamba mwana saoneka wodwala. Amangochedwa kulankhula, sakhazikika, sagwira za m'kalasi, amapsa mtima msanga. Ife timati ndi wopulupudza, n'kumukalipira. Ukachuluka m'pamene zimabwera zooneka: kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kusanza, kuchepa magazi, kenako kukomoka ndi imfa. Mu 2010 m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria munamwalira ana oposa 400, chifukwa miyala ya golide imene inali ndi mtovu wambiri ankaiperera m'mabwalo a nyumba momwe anawo ankasewera. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 pamalo pamene anthu ankaswa mabatire agalimoto ndi kusefa dothi kuti apezemo mtovu wogulitsa. Ku Kabwe ku Zambia mgodi unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'madera oyandikira likadali kudwalitsa ana, pakuti mtovu suwola ndipo susanduka china.

Petulo wamtovu wa magalimoto anatha padziko lonse mu 2021, Algeria ndilo linali dziko lomaliza. Zotsala ndi zapafupi kwambiri ndi nyumba. Mtovu wambiri umene umagwiritsidwa ntchito padziko uli m'mabatire agalimoto ndi a sola. Batire lotseka bwino silivuta. Vuto limayamba likaswedwa ndi nkhwangwa, asidi n'kuthiridwa pansi, mtovu n'kusungunulidwa pamoto wapoyera. Utsi umagwa ngati fumbi pabwalo, pa zovala, m'tsitsi. Wogwira ntchitoyo amapita nalo kunyumba, n'kunyamula mwana asanasambe. Amene ntchito yanu ndi ya mabatire, kuwotcherera, kupenta kapena kuphwasula zipangizo zamagetsi, vulani zovala ndi nsapato zantchito musanalowe m'nyumba, sambani, ndipo zovalazo muzizichapa pazokha.

Penti ndi nkhani ina. Mtovu amauthira m'penti ya mafuta kuti iwale ndi kuuma msanga, ndipo umapezeka kwambiri mu yachikasu, yofiira ndi yobiriwira. Mlingo umene WHO ndi UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, amalimbikitsa mayiko kuti aike m'malamulo ndi mamiligalamu 90 pa kilogalamu ya penti youma, koma mayiko ambiri lamuloli alibe, ndipo ena ali nalo papepala pokha. Penti ikadali yosalala pakhoma ngozi ndi yochepa. Ikayamba kusuwa, kapena pamene chitseko ndi zenera zimakhulana potsegula, imasanduka fumbi. Cholakwika chachikulu ndicho kukwecha penti yakale ili youma, kapena kuiwotcha kuti ichoke, ana ali m'nyumba. Nyowetsani khoma musanapale, yalani chinthu pansi cholandira zinyenyeswa, ana ndi amayi oyembekezera achoke mpaka mutakolopa. Ndipo m'nyumba yokayikitsa, tsache louma limangoulutsa fumbilo kuti mwana alipume. Kolopani ndi nsalu yonyowa, pukutani mawindo m'munsi momwe fumbi limasonkhana, sambitsani mwana m'manja ndi sopo asanadye komanso asanagone.

Kukhitchini, chenjerani ndi mapoto opangidwa posungunula zitsulo zakale zosakanikirana, monga ziwiya za injini ndi maladiyeta, komanso mbale zadothi zonyezimira zimene sizinaotchedwe mokwanira. Chakudya chowawasa ndicho chimakoka mtovu kwambiri, ndipo chikagonera mumphika wotere chimakoka wochulukirapo. Zokometsera zaufa nazo zakhala zikupezeka ndi mtovu. Ku Bangladesh ena ankathira utoto wa lead chromate mu turmeric kuti aoneke wachikasu kwambiri, ndipo mu 2023 ku America ana ambiri anapezeka ndi mtovu m'magazi atadya phala la maapozi la m'timapaketi limene munali sinamoni woipitsidwa. Ufa wakuda wopaka m'maso, wotchedwa kohl kapena surma, nthawi zambiri umachokera ku mwala wa mtovu, choncho usayandikire nkhope ya khanda. Timikanda ndi tizibangili totchipa tachitsulo titha kukhala ndi mtovu kapena chitsulo china chotchedwa cadmium, chimene chimawononga impso ndi mafupa. Mwana akameza kachitsulo kotere, thamangirani kuchipatala, musadikire kuti katuluka kokha.

Pa madzi pali chinthu chimene ambiri amachimva molakwika. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mtovu kapena poizoni wina wotchedwa arsenic. Madzi akamaphwa, chitsulocho chimatsala chonse m'madzi ochepa. Kumene kuli mapaipi akale, tsegulani mpopi madzi ayende kaye ngati agona m'mapaipimo maola 6 kapena kuposa, ndipo mkaka wa mwana musasungunule ndi madzi ochokera kumpopi wa madzi otentha. Vuto la mtovu m'madzi akumwa ku Flint, mzinda wa ku Michigan ku America, linayamba mu 2014 pamene mzindawo unasintha gwero la madzi osathira mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke. Arsenic yekha amachokera m'miyala ya pansi, alibe fungo, alibe mtundu, ndipo wavulaza anthu mamiliyoni ku Bangladesh kudzera m'zitsime zooneka zaukhondo. Mlingo wa WHO ndi mamaikulogalamu 10 pa lita, ndipo njira yodziwira ndi kuyezetsa madziwo basi.

Mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira, ndimutchule mwachidule. Ku Minamata ku Japan, kumene matenda obwera ndi mercury anadziwika mu 1956, amayi ena amene sanadwale kwenikweni anabereka ana opuwala ubongo chifukwa chodya nsomba za m'nyanja imene fakitale inkatayiramo zonyansa. Lero njira zake zazikulu ndi kuwotcha mercury potulutsa golide, nsomba zikuluzikulu zodya zinzake monga shaki ndi swordfish, komanso mafuta ena oyeretsa khungu. Mayi akadzola, mercury amatsalira pa matawulo, pa zofunda ndi pa khungu la mwana amene wamunyamula. Choyezera kutentha kwa thupi chagalasi chokhala ndi mercury chikasweka, musasese. Tulutsani ana, tsegulani mawindo, sonkhanitsani timadontho tonyezimirato ndi kapepala kolimba, tsekerani m'botolo.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musataye ndalama pa tiyi ndi mapiritsi amene amati amatsuka zitsulo m'thupi. Mankhwala enieni ochotsa mtovu alipo, monga succimer, koma amaperekedwa ndi dokotala, kawirikawiri mlingo ukafika pa mamaikulogalamu 45, ndipo ali ndi zovuta zake. Amapulumutsa moyo, koma nzeru zimene zatayika sazibweza. Kupereka mankhwalawa mwana n'kubwerera kukagona m'chipinda chomwe chija n'kutungira madzi m'dengu. Chithandizo chenicheni ndicho kupeza gwero ndi kulichotsa, kenako kudyetsa mwana pafupipafupi zakudya za ayironi ndi calcium kuti thupi lisamayamwe mtovu wambiri. Ngati mukukayikira, pemphani kuyeza magazi. Akayeza pachala n'kupeza wokwera, atengenso a pamtsempha, chifukwa fumbi la pachala limatha kunamiza zotsatira.

Tsopano mapulasitiki. Amene timada nawo nkhawa ndi mankhwala owonjezera, makamaka BPA ndi ma phthalate. BPA imapezeka m'mapulasitiki olimba oonekera a polycarbonate, m'kansalu kopyapyala kokutira mkati mwa zitini, ndi pa malisiti a pepala loterera. Ma phthalate ndiwo amafewetsa pulasitiki ya mtundu wa PVC, ndipo ena amawathira m'zonunkhiritsa. Amangosakanikirana ndi pulasitikiyo osamatirira, n'chifukwa chake chidole chofewa chakale chimauma kapena kuchita nanda: mankhwala aja akutuluka. Onsewa amasokoneza mahomoni, ndipo nthawi yoopsa ndi pamene mwana ali m'mimba ndi zaka zoyambirira. Pa nyama zoyeserera umboni ndi wamphamvu, makamaka wa phthalate yotchedwa DEHP pa ziwalo zoberekera za zazimuna. Pa anthu ndi wovuta kuutsimikiza, koma unali wokwanira kuti European Union (EU) iletse BPA m'mabotolo oyamwitsira mu 2011, America n'kutsatira mu 2012, ndipo kumapeto kwa 2024 EU inavomereza zoichotsa m'zinthu zokhudza chakudya. Ma phthalate angapo, kuphatikizapo DEHP, saloledwa kupitirira 0.1 peresenti m'zidole ku Europe ndi ku America.

Kusiyana kwake ndi mtovu n'kwakukulu, ndipo n'kumene kumandichititsa kuika mapulasitiki pambuyo. BPA ndi ma phthalate amatuluka ndi mkodzo pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Mukachepetsa lero, sabata yamawa mlingo watsika. Zimene zimawakoka m'pulasitiki ndi zodziwika: kutentha, mafuta, kukandika, ndi nthawi. Choncho chakudya chotentha chamafuta musachiike m'jumbo kapena m'kontena yopyapyala, ndipo mu microwave muziikamo mbale yagalasi. Mkaka wa mwana sungunulirani m'chiwiya chagalasi kapena chachitsulo chosachita dzimbiri, uzizire, kenako thirani m'botolo. Botolo lokandika kapena lochita chifunga tayani. Yang'anani nambala ya pansi pa chiwiya: 3 ndi PVC, 7 atha kukhala polycarbonate, pamene 2, 4 ndi 5 savuta kwenikweni. Chizindikiro choti mulibe BPA musachikhulupirire kwambiri, popeza ena anangolowetsa BPS, m'bale wake amene amachita zofanana m'thupi. Botolo la madzi wamba, la nambala 1, silipangidwa ndi BPA.

Pali malo amodzi pamene mapulasitiki amandiopsa mofanana ndi mtovu, ndiwo pamoto. Kuyatsira moto ndi pulasitiki, kuwotcha zinyalala pabwalo, kuwotcha nthambo zamagetsi kuti mutenge kopa, zonsezi zimatulutsa mankhwala apoizoni otchedwa ma dioxin, makamaka pakakhala PVC. Amenewa satuluka ndi mkodzo. Amakhazikika m'mafuta a m'thupi zaka zambiri ndipo amafika kwa khanda. PVC ya nthambo zakale imakhalanso ndi mtovu umene anathiramo kuti ilimbe, ndiye utsi umodzi umabweretsa zonse ziwiri. Phulusa lake limatsala m'dothi, nkhuku zimatola pamenepo, poizoniyo n'kulowa m'mazira. Phulusa lotere musathire m'dimba, nkhuku zisafikepo, ndipo pamalo pamene panawotchedwa nthambo kapena kuswedwa batire ana asasewerepo mpaka dothi lapamwamba litachotsedwa kapena kukwiriridwa ndi simenti.