Pemphero la ana opukwa kwawo ku Dzaleka

Atate wathu Wakumwamba, Namalenga, usiku uno tikupereka m'manja mwanu ana a ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo, ku Dowa kuja kumene mphepo ya mu June imalowa mpaka m'mafupa.

Mumawadziwa mmodzimmodzi: wochokera ku Bukavu kapena ku Uvira, mizinda ya ku Congo, mfuti zikulira, wa ku Burundi, wa ku Rwanda, wa ku Somalia. Ena anafika atabereka mng'ono wawo, osadziwa kumene mayi analowera.

Ambuye, mwana akapukwa sanena. Amangosiya nsima m'mbale. Chigwada ndi chomwechi, kwawo amati sombe, koma chopanda mafuta a mawese ndi dzanja la agogo ake sichitsika kukhosi. Usiku amalota asodzi a ndagala pa nyanja ya Tanganyika, m'mawa n'kudzukira m'fumbi, pakati pa nyumba zothithikana. Kwawo ankayankha mafunso m'Chifalansa chala chili m'mwamba. Kuno wasanduka duu kumbuyo kwa kalasi, kuopa kuti lilime likapotoka amuseka. Mukhale naye pafupi, Atate. Mupatseni mnzake mmodzi yekha womuitana ku mpira wachikulunga, ndi mphunzitsi wodekha amene angayesetse kutchula bwino dzina lake.

Ifenso mutikhululukire. Timangoti "Maburundi" kwa onse, ngakhale mwana wa ku Congo, dzina osamufunsa n'komwe.

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Koma taonani, Ambuye, mame awa sanakamuke. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende, ndipo lero muli anthu oposa 50,000. Amene anabadwira momwemo ena ali ndi ana awoawo. Tikupempherera ana amenewa, opukwa mudzi umene sanauonepo, oudziwa m'nthano za amayi awo basi. Akafunsidwa kuti kwanu n'kuti, amayang'ana pansi. Inuyo muwayankhire.

Kumbukiraninso aja anakulira ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, Chichewa chili pakamwa ngati ana athu, amene mu 2023 anabwezedwa kumsasa, kusiya sukulu ndi anzawo. Amenewa apukwa kawiri.

Limbitsani amayi ndi abambo amene amabisa misozi kuti ana agone. Chakudya chikachepa, tsegulani manja a amene ali nacho. Nyimbo zawo za Chiswahili, Chirundi ndi Chinyarwanda zisathe pakamwa pa ana, ngakhale ataphunzira zathu.

Tinaonapo dzanja lanu. Abale athu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira kuno, ku Nsanje, ku Dedza, ku Mwanza, ndipo mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera kukalima minda yawo. Chitaninso chomwecho ku Kivu, dera la kum'mawa kwa Congo. Tontholetsani mfuti, kuti wofuna kubwerera akapeze mudzi ulipo. Wopita kutali, ku Canada kapena ku America, mumutsogolere, pakuti kumenekonso kupukwa kukamudikira. Wotsala kuno, tiphunzitseni kumutenga ngati wathu.

Ambuye Yesu, inunso munanyamulidwa usiku muli khanda, kuthawa Herode, n'kukakhala mlendo ku Aigupto. Lowani m'nyumba zimenezi usiku uno, mufunditse mwana amene akulira mwakachetechete kuopa kudzutsa mayi ake.

M'dzina lanu tapemphera. Amen.