Phiri siligwa mwadzidzidzi, tisiye kunamizana

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Bambo wina wabweretsa katapila, chimakina chokumbira dothi, wadula m'tsinde mwa phiri kuti apeze malo osalala omangapo nyumba, wasiya chikhoma cha dothi chotalika kuposa denga. Mvula yangogwa kangapo, pamwamba pa pomwe anadulapo pang'ambika. Mng'alu wake wopindika ngati uta, woti mkono ukulowa mpaka m'chigongono. Amayi okhala kumunsi apita kukamuuza mwaulemu wonse kuti bambo, taonani kumtundaku. Yankho lake? "Phirili lakhala pano chilengedwere dziko, ligwe lero chifukwa cha ine?" Ndiye watuma anyamata kuti athiremo dothi ndi kupondaponda kuti mng'aluwo usamaoneke. Usamaoneke! Kumunsi kwakeko kumagona ana.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti tsiku limene dothi limenelo lidzatsike, munthu yemweyu adzaima pamaso pa anthu nkhope ili yachisoni n'kunena kuti zachitika mwadzidzidzi, palibe akanadziwa, ndi ngozi yachilengedwe. Bodza lenileni. Anauzidwa. Phiri linamuuza, amayi aja anamuuza, iye anasankha kukwirira uthengawo ndi fosholo.

Anthu inu, phiri limachenjeza. Inde, pali nthawi zina pamene chivomezi chimagwedeza phiri n'kugumuka pompopompo, monga zinachitikira ku Peru mu 1970 pamene mbali ina ya phiri la Huascarán inakwirira tauni ya Yungay. Zimenezo sindikutsutsa. Koma kugumuka kumene kumabwera ndi mvula, kumene kumapha anthu chaka ndi chaka m'madera a mapiri, nthawi zambiri kumayamba kwalankhula. Nthaka imang'ambika kumtunda, kumunsi n'kutupa. Mitengo imene inali chilili imayamba kupendekeka, mapolo a magetsi ndi mipanda chimodzimodzi. Chitseko chimene dzulo chimatsekeka bwinobwino lero chikukana, khoma lachita mng'alu kuyambira pakona ya zenera. Madzi ayamba kutumphuka pamalo pamene sipanakhalepo kasupe, kapena kasupe wa madzi oyera wayamba kutulutsa matope. Ndipo choopsa kuposa zonse, mvula ikugwabe koma mtsinje wochokera m'phiri waphwa mwadzidzidzi. Pamenepo dziwani kuti kumtunda kwatsekeka, madzi akuunjikana, ndipo akaboola adzabwera ndi miyala ndi mitengo yomwe, liwiro lake loti munthu sangalipose ndi miyendo. Kodi phiri lilankhule bwanji kuposa apa? Lilembe kalata?

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma chokwiyitsa pa nkhani iyi n'chakuti nkhwangwayo kawirikawiri sigwera wosamvayo, imagwera ena.

Taonani za ku Aberfan, ku Wales. Kampani ya boma yokumba malasha inkaunjika zinyalala za mumgodi pamwamba pa phiri, kumunsi kwake kuli mudzi. Mulu wina anauika pamwamba pa akasupe, akasupe oti anali pamapu. Anthu a m'mudzimo ndi akhonsolo anali atadandaula kale za mulu umenewo, makalata analembedwa. Pa 21 October 1966, m'mawa ana atangolowa m'kalasi, mulu uja unatsetsereka n'kukwirira sukulu ya Pantglas. Anthu 144 anafa, mwa iwo ana 116. Ana 116, abale anga. Bwalo lofufuza linapeza kuti olakwa anali a National Coal Board, kampani ya boma ija, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimbidwa mlandu. Mundiuze kuti zimenezo zinali zadzidzidzi?

Nanga za ku Vajont, ku Italy? Anamanga damu lalitali kwambiri m'mbali mwa phiri la Toc. Mu 1960 phirilo linang'ambika mng'alu wotalika pafupifupi makilomita awiri, ndipo mbali ina inagwera m'madzi chaka chomwecho. Mainjiniya ankayeza tsiku ndi tsiku, ankaona ndi maso awo kuti phiri likuyenda. Mtolankhani wina, mayi Tina Merlin, analemba kuchenjeza anthu, ndipo m'malo momuthokoza anamutengera kukhoti kuti akusokoneza mtendere. Khoti linamupeza wosalakwa. Usiku wa pa 9 October 1963 phiri linagwera m'damumo, madzi anadumpha khoma n'kusesa tauni ya Longarone, anthu pafupifupi 2,000 anafa. Damulo lilipobe mpaka lero, silinagwe. Ku Oso, m'dziko la America, akatswiri anali atalemba lipoti mu 1999 kuti malowo angathe kugumuka koopsa, mu 2006 panagumukadi, nyumba zinapitirira kumangidwa, mu 2014 anthu 43 anafa. Nyimbo yake ndi imodzimodzi kulikonse: anauzidwa, sanamve.

Zoyambitsa zake si zachinsinsi ayi, madzi akalowa m'dothi limalemera n'kuterera, ukadula m'tsinde wachotsa chochirikiza, ukadula mitengo mizu imaola pakapita zaka zingapo ndipo dothi lapamwamba limatsala lopanda choligwira. Basi. Mwana wa pulayimale akhoza kumvetsa. Vuto si kusadziwa, vuto ndi makani ndi dyera.

Ndipo musandiuze kuti palibe chomwe munthu angachite. Mwezi wa May 2025, ku Blatten m'dziko la Switzerland, akatswiri anaona kuti phiri lili pamwamba pa mudziwo layamba kuyenda mofulumira. Anauza anthu pafupifupi 300 kuti achoke, ndipo anthuwo anachoka, ziweto zomwe anazisamutsa. Pa 28 May miyala ndi madzi oundana zinatsika n'kukwirira pafupifupi mudzi wonse. Nyumba zinapita, koma munthu mmodzi yekha ndiye anataya moyo. Kusiyana kwa Blatten ndi Longarone sikuti phiri lina linali lachifundo. Kwina anamva, kwina anatseka makutu.

Wina anena kuti amenewo ndi olemera, ali ndi zida. Zoona, masiku ano pali masetilaiti ngati Sentinel-1 amene amatha kuona nthaka ikusuntha mamilimita ochepa chabe. Koma kuyeza mng'alu sikulira setilaiti. Khomani chikhomo mbali iyi ya mng'alu, china mbali inayo, yezani mtunda wa pakati pake m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope. Ngati dzulo unakula pang'ono, lero wakula kwambiri, mawa kuposa apo, musadikire munthu wa sutu kuti adzakuuzeni. Tengani ana muchoke, ndipo pothawa musatsikire m'chigwa momwe matopewo adzadzere, thawirani cham'mbali. Komanso musathamangire kubwerera chifukwa choti mvula yakata, madzi amakhala akulowabe pansi ndipo malo ena amagumuka dzuwa likuwala. Zikhomo ziwiri ndi kope. Bambo uja zimenezi sanazifune, anafuna fosholo yokwirira, chifukwa kuyeza kukanamuuza zomwe sakufuna kumva. Mng'alu umafunika kuutchinga kuti madzi asalowemo, inde, koma uku mukuuyang'anira ndi kuitana odziwa za nthaka, osati kuubisa kuti anthu asiye kukuvutitsani.

Ku Hong Kong anaphunzira ndi misozi. Pa 18 June 1972 kugumuka kwa dothi ku Sau Mau Ping ndi ku Po Shan Road kunapha anthu oposa 130 tsiku limodzi, ndipo mu 1976 ku Sau Mau Ping komweko kunagumukanso. Chaka chotsatira, mu 1977, boma linakhazikitsa ofesi yoona za malo otsetsereka basi. Malo odulidwa ndi anthu analembedwa m'kaundula, aliwonse ndi nambala yake komanso mwini wake woyenera kuwasamalira, ndipo mvula ikachuluka chenjezo limaulutsidwa. Mapiri ake ndi omwe aja, mvula yake ndi yomwe ija, koma imfa zinatsika kwambiri. Anangoganiza zosiya kunena kuti n'zadzidzidzi.

Sindikunyoza munthu wosauka amene wamanga kanyumba kake pamalo otsetsereka chifukwa alibe kwina kolowera. Ameneyo ndimamumvera chisoni, ndipo kumuuza kuti choka popanda kumuonetsa kopita ndi nkhanza. Ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa pamene phiri la Sugar Loaf linagumuka pa 14 August 2017, ndipo ambiri anali mtulo m'nyumba zawo m'mamawa. Mkwiyo wanga uli pa anthu amene ali ndi ndalama zobwerekera chimakina cha katapila koma akuti alibe yolipira katswiri woti aone dothi tsiku limodzi. Amene amamanga khoma lotchinga dothi popanda mabowo otulutsira madzi chifukwa akuti mabowo amaipitsa maonekedwe, madzi n'kumadzadza kuseri kwake mpaka khomalo kudzagwera anzawo. Amene amalozetsa madzi onse a padenga ndi a mumsewu m'chitsetse m'malo mokumba ngalande yoti iwatsitse bwino.

Ndipo inu amene mumadinda mapulani a nyumba, mumadinda mutapita kukaona malowo kapena mumangodinda muli pampando? Akatswiri amajambula mapu oonetsa malo amene anagumukapo kale, chifukwa pomwe panagumuka kale ndi pomwe pamagumukanso, ndalama zambiri zimathera pa ntchito imeneyo, kenako mapuwo amakagona m'kabati. Wogula malo sanawaonepo. Wokhala kumunsi sadziwa n'komwe kuti nyumba yake ili pamzere wofiira. Bwanji osawapachika pasukulu, pamsika, pomwe aliyense angawaone? Mukuopa kuti mapuloti satuluka malonda? Anthu akakwiririka ndiye mumafika msanga ndi makamera ndi mabulangete, koma amayi akabwera kudzanena za mng'alu mumati bwerani sabata yamawa, abwana kulibe.