Achimwene a IT, password ija mukusungira ndani?

Lero ndapsa mtima ndithu. Lipoti lodzaza ndi masamu limafunika lifike kwa abwana 4 koloko isanakwane. Ndadina kuti LaTeX, pulogalamu yomwe ndimalembera malipoti a masamu, ipange PDF, iyo yangonditulutsira mizere yofiira. Akuti package (kachidutswa kowonjezera pa LaTeX) yomwe yatsitsidwa kumene ikufuna LaTeX yatsopano, pomwe ya pakompyutayi ndi yakalekale. Ndatsegula MiKTeX Console kuti ndichite update ya MiKTeX, pulogalamu yomwe imabweretsa LaTeX pakompyutayi, Windows n'kutulutsa kabokosi kake kaja kofuna password ya administrator. Mwini password? Ati apita ku Limbe kukagula toner, foni ikungoitana.

Achimwene a IT, ngati mwandipatsa kompyuta kuti ndigwirire ntchito, ndiloleni ndigwire ntchitoyo. Nkhani yanga ndi imeneyi basi.

Poika MiKTeX pamatuluka funso: iikidwe ya munthu mmodzi kapena ya aliyense wogwiritsa ntchito kompyutayi? Inu munasankha ya aliyense, ikalowa mu Program Files momwe ine sindiloledwa kusintha kanthu. Aliyense uti? Mpando uwu ndimakhalapo ndekha chaka chonse. Mukanasankha ya munthu mmodzi, bwenzi ili mu AppData yanga, update ndikuchita ndekha osagogoda pakhomo la munthu. Zinali zongodina pamalo pena, osati kukumba chitsime.

Tsopano taonani zomwe mwandipangira. Package ikasowa, MiKTeX imaitsitsa yokha n'kuiika kumbali yanga, yatsopano. Koma zikuluzikulu zonse zili kumbali yanu yokhoma ija, zikukalamba chiikireni. Zatsopano uku, zakale uko, zikakumana n'kuyamba kukanana. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo wovumbwa ndine, inu muli pa minibasi.

Ndikudziwa muti mukuopa ma virus. Chabwino. Koma amene akufuna kuika mafayilo a .sty, ma package a LaTeX aja, ndi munthu woti mumukhomere ngati wakuba? TeX, yomwe ndi maziko a LaTeX, inayamba ndi Donald Knuth mu 1978, anthu alembera mabuku a masamu zaka zonsezi, ndi yaulere, sifuna laisensi. Si gemu yobera iyi. Mukatseka, bwerani mudzachite update nokha mu admin mode. Simukufuna kubwera, tsegulani. Koma kutseka kenako n'kusowa, imeneyo si ntchito, ndi nkhanza.

Wina pano wandiuza kuti bwanji osangopita pa Overleaf, webusaiti yolemberapo LaTeX. Ndi intaneti yake iti? Ya muofesi muno yomwe imakomoka ikangokwana 2 koloko? Winanso akuti m'malo mwa MiKTeX ika inzake ija ya TeX Live yonse uthane nazo. Mukudziwa kuti yonseyo ndi ma GB angapo? Bundle yake agula ndani? Mapeto ake ndipita ndi MiKTeX Portable, yosafuna kuikidwa pakompyuta, pa flash ngati munthu wozembetsa katundu pa boda, muofesi mwanga momwe, pa ntchito yomwe munandilembera nokha.

Ndipo flash imeneyo ndiibaya pati, poti ma USB munatsekanso? Printa nayonso yomweyo. Pepala likakodwa mkati, ntchito yonse imaima pamzere, kuti uichotse akuti dikirani a IT. Mayi wina wa ku akaunti anachita kukwera minibasi mpaka ku Ginnery Corner kukasindikiza masamba awiri ndi ndalama za m'thumba mwake, printa yatsopano ili pambali pake ikungothwanima getsi.