Mbalame ya ku Japan ili ndi kwawo, ya ku China imangolendewera

Loweruka lapitali ndinalowa m'kashopu kena kuno ku Beijing n'kugula chithunzi cha kakowa, chodinda ndi matabwa. Wogulitsa ankachita kudziguguda pamtima: akuti palibe angadziwe kuti n'chodinda, aliyense angati anachijambula ndi burashi. Ine mpamene zinandinyansa. Munthu kusema thabwa masiku onsewo, cholinga n'choti thabwalo lisadziwike? Nanga kakowayo waima pati? Kabango kamodzi, kwinaku pepala lili mbee, basi.

Amene munafikako ku Tokyo mukudziwa zomwe ndikunena. Kwa Hiroshige, katswiri wa zithunzi zodinda wa ku Japan, mbalame imakhala ndi mudzi. Taonani chithunzi chake chija cha 1857 cha ku Jumantsubo, ku Fukagawa: chiwombankhanga chatambasula mapiko m'mwamba, pansi dambo lonse lakutidwa ndi chipale chofewa, phiri la Tsukuba likuonekera patali, kandowa kakuyandama pamadzi. Kapena cha ku Mikawashima, komwe mbalame zazitali miyendo zotchedwa tsuru zinkatera m'nyengo yozizira, shogun, wolamulira Japan nthawi imeneyo, n'kumabwera kudzazisaka ndi akabawi ake. Malo enieni, a dzina lake, oti munthu wa ku Edo (dzina lakale la Tokyo) akanatha kupitako wapansi n'kukaponda matope omwewo. Thambo amalizimiriritsa pang'onopang'ono ponyowetsa thabwa ndi kansalu asanapake utoto, luso lomwe amati bokashi, ndipo mizere ya thabwa ikaonekera papepala sachita nayo manyazi. Komanso sizinali za mabwana okha ayi. Ndalama ya mbale imodzi kapena ziwiri za soba, chakudya chonga spageti, wanyamula chithunzi.

Chabwino, ndisawalande zawo Atchaina. Eni luso ndi iwowo. Ankadinda kale mabuku a zithunzi mu 868, ndipo cha m'ma 1630 Hu Zhengyan ku Nanjing ankadinda mbalame ndi maluwa a mitundumitundu ndi timatabwa tambirimbiri, pamene ku Japan zithunzi za mitundu yambiri zinafala mu 1765 ndi Suzuki Harunobu. Zaka zoposa 100 Ajapani ali kumbuyo! Ngakhale Ohara Koson wa ku Japan, katswiri uja wa akakowa ndi atsekwe, nthawi zambiri amangoika mbalame ndi bango ngati Mtchaina. Pamenepo ndavomera.

Koma mwana wamupitirira mphunzitsi. Pepala ndi utoto ndi nkhani zazing'ono, onse ali nazo zabwino. Chimene ndimafuna ine, wokulira pafupi ndi nyanja ya Chilwa, n'choti ndikaona dambo ndimve fungo la matope.

Kakowa wanga uja ndamupachika kuseri kwa chitseko.