Fizi ndi ngongole yanga, manyazi mwamupatsa mwana

Lachisanu lapitali ndili mu minibasi yochokera ku Limbe, foni inalira. Linali gulu la WhatsApp la makolo a Sitandade 6. Aphunzitsi anajambula pepala la zotsatira za mayeso a teremu n'kuliponya pagulupo momwe lilili: dzina la mwana aliyense, malikisi ake, nambala yomwe wakhala m'kalasi, kenako chakumapeto, ndi cholembera chofiira, fizi yotsala. Wanga anakhala nambala 31, ndipo pambali pa dzina lake panali ndalama zomwe sindinamalize. Pagulupo pali anthu ena sindiwadziwa n'komwe, amalume, azakhali, ngakhale makolo amene ana awo anachoka chaka chatha koma palibe anawachotsa.

Pofika madzulo, kamnzake ka pamzere wathu kuno ku Chilomoni kanali katamuuza kale kuti amayi ako ali ndi ngongole kusukulu. Mwana sanaikhudze nsima usiku umenewo.

Sukuluyo sinditchula, chifukwa sikuti ndi yokhayo. Funsani kholo lililonse la ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri lomwe mwana wake ali papulayiveti. Ngongoleyo ndi yanga ndipo ndilipira. Koma amene wayenda ndi manyazi ndi mwana wa zaka 11 yemwe sanasainepo kalikonse.

Ndiye taganizani zomwe timawapatsa polembetsa. Fomu imafuna tsiku lobadwa la mwana, komwe timakhala, ntchito ya bambo ndi ya mayi, nambala za foni, kope ya chiphaso cha unzika, ndiponso matenda omwe mwana amadwala. Matenda! Kholo limalemba kuti mwana amagwa khunyu kapena ali pamankhwala otalikitsa moyo pofuna kuti aphunzitsi azimuyang'anira. Pepala lomwelo mukalipeza pa desiki mu ofesi, kapena mu laputopu yomwe akalaliki, aphunzitsi ndi mwana wa eni sukulu amabwerekana. Chaka chatha mlamu wanga analandira foni kuti mwana wanu wavulala kusukulu, tili naye kuchipatala, tumizani ndalama pa Airtel Money msanga. Woimbayo anatchula dzina la mwana ndi kalasi yake osaphonya. Mwana anali m'kalasi akulemba masamu. Sindinganene kuti anazitenga kusukulu, koma dzina, kalasi ndi nambala ya mayi zimapezeka pamodzi m'malo angati?

Musandimve molakwa, makina sindidana nawo. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, amene anali ndi foni ndi bandulo anapitiriza kuphunzira, enawo anadalira wailesi. Pulogalamu ya BEFIT yomwe boma linayamba mu 2023, yopereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zaboma, ine ndimaikonda. M'kalasi ya ana oposa 100, chimene takhala tikuchiona chiyambire maphunziro aulere mu 1994, tabuleti imamupatsa mwana mpata womva chilembo, kuchikhudza ndi kubwereza mpaka atachidziwa, pomwe mphunzitsi mmodzi sangafikire aliyense. Kulembetsa mayeso a MANEB ndi kulipira pafoni nakonso kwatichepetsera mizere. Koma tikamaombera m'manja zipangizo, tizifunsanso kuti zomwe makinawa akusunga za ana athu zikupita kuti, akuziona ndani, azifufuta liti. Pamisonkhano ya makolo timakangana za yunifolomu ndi phala, funso ili sindinalimvepo.

Chondiwawa n'chakuti lamulo lilipo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo mwana naye ndi munthu. Mu 2024 lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe linapatsidwa udindo woona kuti likutsatidwa. Lamuloli limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo za mwana zimafuna chilolezo cha kholo. Kodi ahedi angati mu Blantyre muno anakhalapo pansi n'kuuzidwa kuti nalo likuwakhudza? Mphunzitsi anaponya pepala uja si woipa mtima. Anafuna kupeputsa ntchito, mwinanso anamutuma ndi eni sukulu kuti atiwopseze tilipire msanga. Palibe anamuuzapo kuti pali malire.

Apa ndiye ndimaloza chala Unduna wa Zamaphunziro. Sizifuna ndalama za mabungwe akunja kulemba kalata ya masamba awiri, m'Chichewa chomveka, yopita kusukulu iliyonse, yaboma ndi yapulayiveti: zotsatira ndi fizi za mwana zizipita kwa kholo lake lokha, mafomu a zaumoyo azikhala mokiyidwa, ndipo chithunzi cha mwana chisaikidwe pa Facebook kapena pachikwangwani chamumsewu kutsatsira sukulu kholo lisanavomere. Za zithunzizi zimandinyansa kwambiri. Mwana wakhoza bwino MSCE, mawa lake nkhope yake, dzina lonse ndi mapointi zili pachikwangwani mu Chipembere Highway, kholo losafunsidwa, ngati kuti fizi yomwe tinalipira inagulanso nkhope yake.

Lolemba ndinapita kukaonana ndi ahedi. Anandilandira bwino, anapepesa, ndipo anauza aphunzitsi aja kuti afufute uthengawo. Anafufutadi ine ndikuona. Potuluka pageti, mayi wina wogulitsa mandasi, yemwe alibe mwana pasukulupo, anandifunsa mwachifundo ngati ndakwanitsa kumaliza fizi ija.