Si kuyabwa kulikonse kumene kuli kwa chiwerewere, amayi akunyanja tiganizirenso za likodzo

Amayi anzanga a kuno ku Mangochi, maganizo anga lero ali pa vuto limene ambiri akulipirira chamumtima. Mayi akayamba kumva kuyabwa kumaliseche, kutuluka chikazi chachilendo, kuwawa pachinena, kapena kuona timagazi akakhala malo amodzi ndi bambo, aliyense amathamangira ku matenda opatsirana pogonana. Bambo aloza mayi chala, mayi aloza bambo, mpaka ankhoswe aitanidwa. Ena amati ndi mauka, n'kuyamba kufunafuna zitsamba. Koma kwa ife amene timachapa, kutsuka mbale ndi kusamba m'nyanja ya Malawi, ku Malombe ndi mu Shire, choyamba kuchikayikira chikhale likodzo, tisanakayikire munthu. Ndipo likodzo silipatsirana pogonana, limalowa pakhungu munthu ali m'madzi.

Ambirife likodzo timalidziwa ngati matenda a anyamata osambira padooko, amene amakodza magazi kumapeto kwa mkodzo. Kwa mayi limachita zoposa pamenepo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a nyongolotsi zoyambitsa likodzo amene ali mumkodzomo amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi, zija zimakonda m'mabango, m'maudzu ndi pamene madzi sathamanga. Pakapita milungu ingapo, nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso. Iwe ukaima m'madzi mpaka m'mawondo ukuchapa, timaboola khungu m'mphindi zochepa, popanda bala lililonse. Ena amamva kuyabwa m'miyendo akatuluka, ena samva kanthu. M'miyezi iwiri kapena itatu timakhala takula n'kukhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo ndi chiberekero, ndipo timaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Nyongolotsi imodzi imatha kukhala m'thupi zaka 3 mpaka 5, ina kupitirira.

Chimene chimavulaza kwenikweni ndi mazirawo. Ena amatuluka ndi mkodzo, koma ambiri amakanirira m'minofu: m'njira ya abambo, pakhomo la chiberekero, m'chiberekero momwe ndi m'machubu odutsa dzira. Thupi limalimbana nawo, pamalopo pamatupa, pamachita timabala tosachedwa kutuluka magazi, kenako zipsera. Ndiye kuyabwa kuja, ndiye chikazi chija, ndiye ululu pogonana. Zipsera zikatseka machubu mayi amavutika kutenga pathupi, kapena mimba imakhala panja pa chiberekero, zomwe zimaika moyo pachiswe. Taganizani mtsikana wa ku Makanjira kapena ku Nkope amene wakulira m'madzi, wakwatiwa, zaka zikupita osaima, apongozi ayamba kuyankhula. Palibe amene amakumbukira dooko limene ankasambapo ali ndi zaka 8. Chinanso n'chakuti timabala timeneti timatsegula njira, kachilombo ka HIV sikavutika kulowa mwa mayi amene ali nato.

Sindikunena kuti chinzonono ndi chindoko kulibe, zilipo ndithu, ndipo mayi atha kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Chimene ndikukana ndi ichi: mayi wamwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, bambo amwanso, onse amaliza bwinobwino, vuto silikusintha, ndiye tikubwerezanso mankhwala omwewo kachiwiri, kachitatu, kwinaku m'nyumba muli mkangano woti wina akuyendayenda. Mankhwala amenewo sapha nyongolotsi za likodzo ngakhale mutamwa chaka chathunthu.

Mukapita kuchipatala, kaya ku Mangochi boma, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena pachipatala chaching'ono cha kwanuko, musangotchula zizindikiro zokha. Nenani za madzi. Auzeni adokotala kapena anamwino kuti mumachapira kunyanja kapena kumtsinje, kangati pa sabata, kuyambira liti, ngati munakodzapo magazi muli mwana, komanso ngati munalandirapo kale mankhwala a matenda opatsirana pogonana osaona kusintha. Zizindikirozi zimafanana kwambiri, ndipo pamzere wautali munthu wosauzidwa za madzi sangaziganizire. Pemphani kuti akuyezeni mkodzo. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri, ndipo m'kabotolomo mulowe madontho omalizira, osati oyamba okha. Komabe dziwani kuti mkodzo utha kuoneka wopanda mazira pamene kumaliseche alimo, makamaka kwa mayi wamkulu. Choncho akakuuzani kuti mumkodzo mulibe kanthu, funsani ngati angakuoneni pakhomo la chiberekero. Wodziwa amaona timadontho tachikasu tooneka ngati mchenga ndi timitsempha tosakhala bwino.

Apa ndikhazikikepo pang'ono. Kutuluka magazi mukatha kugonana si chinthu chochinyalanyaza n'kumati ndi likodzo basi, chifukwa ndi chizindikironso cha khansa ya khomo la chiberekero, imene ikutenga amayi ambiri m'dziko muno. Kuyezetsa khansayi m'zipatala za boma n'kwaulere ndipo sikutenga nthawi. Pitani mukayezetse, ndipo pomwepo muwauze kuti ndinu akunyanja, kuti poona aganizire zonse ziwiri.

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel. Piritsi limodzi ndi la 600 mg, ndipo amapereka 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu, kumwa kamodzi. Ndiye kuti mayi wolemera makilogalamu 45 amamwa mapiritsi 3, wa makilogalamu 60 amamwa 4, wa makilogalamu 75 amamwa 5. N'chifukwa chake amayamba akukwezani pasikelo, kapena kukuyezani msinkhu pa kamtengo kaja alangizi azaumoyo amayenda nako m'masukulu. Kugula piritsi limodzi kapena awiri pa okala n'kumwa ndi kutaya ndalama, nyongolotsi zimangofooka kenako n'kupitiriza kuikira. Cholakwika china chimene chafala ndi kumwa ndi njala. Mankhwalawa amawawa kukamwa ndipo m'mimba mopanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire. Yambani mwadya nsima kapena phala lokhuta, mezani osatafuna, ndi madzi ambiri, ndipo tsiku limenelo musakwere bwato kapena kupalasa njinga mtunda wautali. Kupotokola m'mimba, kufooka ndi mutu kwa maola angapo n'zachizolowezi, ndipo nthawi zambiri zimakula kwa amene ali ndi nyongolotsi zambiri. Mukasanza mutangomwa kumene, bwererani mukawauze. Amene amadwala khunyu, komanso amene akumwa mankhwala a TB, anene asanapatsidwe, chifukwa ena mwa mankhwala a TB amafooketsa praziquantel. Mayi woyamwitsa amamwa. Woyembekezera amamwanso mimba ikapitirira miyezi itatu, koma adzere kusikelo, asadzigulire yekha.

Pali zinthu ziwiri zimene praziquantel sachita, ndipo kusazidziwa n'kumene kumapangitsa anthu kunena kuti mankhwalawa ndi achabe. Choyamba, amapha nyongolotsi zokhwima, zazing'ono zimene zalowa masiku omwewa amazisiya. Ngati munali m'madzi mpaka dzulo, funsani za kudzamwanso pakapita milungu ingapo. Chachiwiri, si katemera. Mutamwa lero n'kubwerera padooko mawa, mwayambanso kutola zina. Komanso zipsera zakale sizichoka msanga, zina sizichoka n'komwe. Apa ndi pamene ndimadandaula ndi makolo amene amauza ana kuti athawe kapena alavule mapiritsi akabwera kusukulu, ati amaletsa kubereka. Choletsa kubereka ndi likodzo losiyidwa m'thupi la mtsikana zaka 10. Tsiku logawa mankhwala likalengezedwa, mwana adye m'mawa asanapite, ndipo mtsikana amene sali pasukulu mupite naye kwa alangizi azaumoyo akalandire.

Tsopano za madzi, poti kuuza mayi wa ku Chembe kapena ku Namiyasi kuti asiye nyanja ndi kuyankhula kwa munthu wokhala ndi mpopi m'nyumba. Pamene pali mjigo, madzi osamba ndi osambitsa ana achokere kumjigo, ngakhale mzere utalike. Pamene palibe, tungani akunyanja omwewo koma musawagwiritse ntchito tsiku lomwelo. Tizilombo tochoka mu nkhono tikasowa munthu timafa m'masiku awiri, ndiye madzi akakhala m'ndowa maola 48 amakhala abwino kusamba ndi kuchapira, bola musatungire nkhono momwemo. Sefani pa kansalu koyera pothira. Mukhale ndi zigubu kapena ndowa zitatu zosinthanasinthana: ya lero, ya dzulo, ya dzana, ndipo mugwiritse ntchito ya dzana. Ikani chizindikiro, kaya kachingwe pachogwirira, chifukwa ana amasokoneza. Mukafuna madzi msanga, awiritseni kwa mphindi imodzi n'kuwasiya azizire, kapena thirani WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi monga mwa muyezo wake, n'kudikira mphindi 30. Kumbukirani kuti kugoneka madzi masiku awiri kumathana ndi likodzo lokha, sikupha kolera, akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe ndithu.

Potunga, pitani m'mawa kwambiri. Nkhono zimatulutsa tizilombo tambiri dzuwa likakwera, cha kumasana, nthawi yomweyo imene kutentha kwa mwezi wa October kumatikokera tonse m'madzi. Pewani pamene pali bango, udzu ndi namasupuni. Amene ali ndi magambutsi avale, ndipo amene amalima mpunga m'madambo awaone ngati chida cha ntchito monga khasu. Chapirani kumtunda m'beseni, osati mutaima m'nyanja ola lathunthu chitenje chili chonyowa m'chiuno. Kudzipukuta mwamphamvu ndi nsalu youma mukangotuluka kumathandizako, koma musakudalire, tina timakhala talowa kale. Mwana wakhanda musamukhazike m'mphepete mwa madzi kuti azisewera inu mukutsuka mbale, likodzo silisankha msinkhu.

Ena amati kale nyanja inalibe zotere, ndipo pali choonadi pang'ono. Ofufuza ku Cape Maclear anaona kuti nsomba zimene zimadya nkhono zitachepa chifukwa cha kupha mopyola muyezo, nkhono zinachuluka m'malo amchenga momwe anthu amasamba. Maukonde a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu amene tikukokera m'mphepetemu akukokolola ndi tiana ta nsomba zomwezo. Ndipo mu 2017 m'mphepete mwa nyanja kuno ku Mangochi munapezeka mtundu wina wa nkhono umene umafalitsa likodzo la m'matumbo, lija limaonetsa magazi m'chimbudzi ndi kutupitsa mimba. Mwana akamatsegula m'mimba mwa magazi mobwerezabwereza, kachimbudzi kake kakayezedwenso za likodzo. Mankhwala ake ndi omwewo.

Abambo musawasiye kunja kwa nkhaniyi. Msodzi amene amakhala m'madzi usiku ndi usana nayenso mazira amamukanirira m'njira za umuna, ndipo atha kuona magazi mu umuna kapena kumva ululu pokodza ndi pogonana. Iye sangakupatsireni pamphasa, inunso simungamupatsire, koma nonse mukutunga padooko limodzi, ndiye mupite limodzi mukalandire mankhwala, ndi ana omwe. Nkhaniyi muiyambitse masana muli awiri, osati usiku mutakana chifukwa cha ululu, pamene mawu aliwonse amamveka ngati chipongwe. Anankungwi ndi ankhoswe, musanaweruze kuti mwana wa eni ake ndi wosakhulupirika kapena akukaniza mwamuna dala, mufunseni kumene amachapira.

Chomaliza chimene ndikupempha n'choti tileke kuika zinthu kumaliseko pofuna kuthetsa kuyabwa kapena kuumitsa chikazi. Zitsamba, mandimu, mchere, sopo wonunkhira ndi timiyala togula pamsika zimapsereza pamalo pamene pali kale timabala, magazi amawonjezeka ndipo matenda ena amapeza polowera. Tsukani kunja kokha ndi madzi oyera, valani kabudula wamkati wa thonje wouma bwino padzuwa, ndipo musadule kanthu kalikonse ndi lezala poti ndi mauka. Mukamwa praziquantel, magazi a mumkodzo amayenera kusiya m'milungu yochepa. Akapitirira, kapena ululu ndi timagazi ta pogonana zikakhalapobe patatha miyezi itatu, bwererani kuchipatala ndi buku lanu lomwe lija kuti aone zimene munalandira kale.